Pageti pa famu ya nsomba: mafunso amene abale a ku Joni amandifunsa

Ambiri mwa ife amene tikusamala nsomba kuno ku Joni sitinabwerere nsomba. Tinabwera kudzagwira ya m'gadeni kapena ya ulonda m'mapuloti a ku Muldersdrift, Lanseria, Benoni ndi Walkerville. Ndiye tsiku lina abwana anangoti, "Iwe kwanu ndi kunyanja, nsomba ukuzidziwa," n'kutipatsa makiyi a tanelo. Kudya chambo timadziwadi. Koma kusunga nsomba zikwizikwi m'thanki imodzi, m'madzi omwewo ozungulira usana ndi usiku, ndi ntchito ina imene ambiri tinaiphunzira nsomba zitayamba kale kufa. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene abale akhala akundifunsa tikakumana kutchalitchi, kumaliro ndi pa WhatsApp. Pafupifupi onse amathera pamalo amodzi: pakhomo polowera.

Famu yathu ili ndi mpanda, matanki ali m'tanelo ya pulasitiki. Matenda angalowe bwanji?

Amalowa ndi chinthu chonyowa. Mukagwira mfundo imeneyi, zina zonse zikhala zosavuta. Tizilombo todwalitsa nsomba timakhala m'madzi, m'matope ndi m'zoterera za pakhungu la nsomba, ndipo tambiri sitichedwa kufa pamalo pouma gwaa. Choncho timayenda ndi nsomba yamoyo yochokera kwina, madzi amene yabweramo, ukonde wosauma, ndowa, payipi, matope a kunsi kwa jombo, ngakhale manja a munthu amene wangogwira nsomba kwina. Mpanda umatchinga mbava. Zonse ndatchulazi zimalowera pageti, masana, tikuona, ndipo kawirikawiri amene wazinyamula ndi munthu wodziwika.

Kuno vutoli limakula chifukwa cha kuzizira. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo mu Juni ndi Julayi kumagwa chisanu chopha tilapia (nsomba za mtundu wa chambo) padamu la panja. N'chifukwa chake alimi ambiri amaweta m'matanelo, madzi n'kumatenthetsedwa ndi kuzungulira kudzera mu sefa imodzi. Thanki yoyamba ikadwala, madzi omwewo amafika m'thanki yomaliza tsiku lomwelo. Akuluakulu anati nsomba ikawola imodzi zonse zawola. M'tanelo mwambiwu umachitika mukuyang'ana.

Kodi ndi matenda ati kwenikweni amene tikuwaopa?

Amene a ku Mchinji sangawaiwale ndi matenda a zilonda, odziwika ndi dzina loti EUS. Amayamba ndi kachilombo kangati chuku cha m'madzi, dzina lake Aphanomyces invadans, kamene kamalowa m'mnofu n'kusiya zilonda zofiira zokumbika. Mu Africa anaoneka koyamba mu 2006 m'mitsinje ya Chobe ndi Zambezi. Kwathu anatulukira mu 2020 ku Mchinji, mbali ya mtsinje wa Bua, ndipo boma linaletsa kuwedza, kunyamula ndi kugulitsa nsomba za m'madera okhudzidwa. Milamba ndi matemba zinavutika kwambiri. Kuno ku South Africa nawonso anapezekapo kale. Amakonda madzi ozizirirako ndiponso nyengo imene kwagwa mvula yambiri.

Achiwiri ndi Tilapia Lake Virus, TiLV mwachidule, amene akatswiri anawafotokoza koyamba ku Israel mu 2014. Bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, FAO, linachenjeza maiko za matendawa mu 2017, ndipo kachilombo kake kanapezekanso m'nsomba za ku Egypt ndi za m'nyanja ya Victoria. Mankhwala ake palibe. Ku Ghana, chakumapeto kwa 2018, vairasi ina yotchedwa ISKNV inapulula tilapia m'makhola a pa nyanja ya Volta, makamaka tiana.

Inu amene mumasamala koi, nsomba zoweta zokongoletsa, m'mayadi a mabwana ku Sandton ndi Bryanston, mdani wanu ndi Koi herpesvirus. Amaononga makha, nsomba n'kumalephera kupuma, ndipo amatha kumaliza pafupifupi dziwe lonse m'masiku ochepa. Amabuka madzi akafunda, pakati pa madigiri 16 ndi 28, ndipo nsomba imene yapulumuka imatha kusunga kachilomboko n'kudzapatsira zina.

Koma kunena zoona, zimene zimatidyera nsomba chaka ndi chaka ndi zazing'ono zimene sizimveka pawailesi: timadontho toyera ngati mchere pakhungu, chuku choyera ngati thonje m'nyengo yozizira, ndi mabakiteriya a Streptococcus ndi Aeromonas amene amatupitsa maso ndi mimba, nsomba n'kumasambira mozungulirazungulira. Zonsezi njira yake yolowera ndi imodzimodzi.

Kabeseni ka mankhwala koviikamo mapazi pakhomo kamathandizadi, kapena n'kongoonetsera alendo?

Kamathandiza ngati kakusamalidwa. Kakapanda kusamalidwa kamaposa kuipa kwa pakhomo popanda kanthu, chifukwa aliyense amaponda m'madzi akuda omwewo n'kulowa nawo, mumtima akuti watsuka.

Ndinafikapo pa famu ina m'mawa wa mu Julayi. Beseni linalipo pakhomo pa tanelo, madzi ake ofiirira ngati tiyi, pamwamba payandama masamba a bulugamu ndi kachiduswa ka ndudu, m'mbali mwayamba kuundana ndi chisanu. Antchito atatu anadutsa ndikuona, onse analilumpha. Sindinawadzudzule, chifukwa amene analiika anaiwala zinthu zitatu.

Choyamba, mankhwala sagwira pa matope. Dothi, ndowe ndi zotsalira za chakudya zimamwa mphamvu ya mankhwala asanafike pa kachilombo. Ndiye beseni lisanafike pakhale mpopi kapena ndowa ya madzi ndi bulashi yolimba, munthu akweche jombo mpaka m'mizere ya kunsi. Chachiwiri, mankhwala amafuna nthawi. Kungoti chuu n'kutuluka sikupha kanthu. Chachitatu, dzuwa ndi mvula zimasukulutsa. Mabingu a masana a mu Disembala amadzaza beseni m'mphindi khumi. Liikeni pansi pa kadenga, likhale lalikulu kudzaza khomo lonse kuti pasakhale pozembera, ndipo pakhale munthu mmodzi wodziwika amene ntchito yake ndi kusintha mankhwalawo ndi kulemba tsiku pachikwangwani.

Ine ndimakhulupirira kwambiri njira ina yosavuta: majombo a m'kati asamatuluke, nsapato za kunja zisamalowe. Pingasani benchi pakhomo. Munthu akhale pabenchipo, avule za kunja, atembenuze miyendo, avale za m'kati. Majombo a m'katiwo apakeni penti kumphuno kuti wotuluka nawo aoneke patali. Pambali pake pakhale sopo ndi madzi osamba m'manja mpaka m'zigongono, poti m'thanki timapisa mkono wonse.

Tigwiritse mankhwala ati, ndipo muyezo wake ndi wotani?

Ambiri kuno amagwiritsa Virkon, ufa umene umasungunuka n'kukhala wa pinki. Muyezo wamba ndi magalamu 10 pa lita imodzi ya madzi, ndipo chinthu chikhalemo mphindi 10. Ubwino wake umadzinenera wokha: mtundu wa pinki ukayamba kufwifwa, mphamvu yatha, khuthulani.

Wopanda ndalama ya Virkon ali ndi Jik, imene mphamvu yake ndi klorini. Ya m'sitolo imakhala ya 3.5 peresenti, choncho mamililita 60 mu ndowa ya malita 10 amakwana kuviikamo ndowa, mabulashi ndi timaukonde kwa theka la ola kapena ola lathunthu. HTH, klorini ya m'maswimingi, ndi yamphamvu kwambiri kuposa Jik. Musaiyeze ndi maso, tsatirani muyezo umene wakupatsani dokotala wa ziweto. Musasakanize klorini ndi mankhwala ena otsukira, mpweya wake umapweteka m'chifuwa. Dziwaninso kuti klorini imadya ukonde ndi kuchititsa dzimbiri zitsulo.

Pali mankhwala ena aulere amene timawanyoza: dzuwa. Ukonde wotsukidwa bwino n'kuyanikidwa mpaka kuuma gwaa mbali zonse umakhala utataya tizilombo tambiri. Mphepo youma ya kuno m'nyengo yozizira imagwira ntchito imeneyi bwino kwambiri. Koma uyanikidwe motambasula, osati kuunjika pakona.

Jik yomweyo singaphe nsomba?

Ingaphe, ndipo imapha msanga. Klorini yochepa kwambiri, imene inu simungainunkhize n'komwe, imatentha makha. Chilichonse chotuluka mu Jik chitsukuluzidwe bwino ndi kuuma chisanakhudze thanki, ndipo beseni la pakhomo lisakhale pamalo poti likatayika madzi ake atsikire ku sefa. Samalaninso ndi madzi a pampopi. A kuno amachokera ku bungwe la madzi la Rand Water, ndipo m'madera ambiri amakhala ndi mtundu wa klorini wotchedwa chloramine, umene suuluka ngakhale mugoneke madziwo m'diramu. Pamafunika mankhwala ochotsera monga sodium thiosulphate, kapena sefa ya makala.

Achimwene, abwana eni ake amalowa ndi anzawo osaviika mapazi. Malume akabwera kudzandiona amafunanso kuona nsomba. Ndingawaletse bwanji osaoneka wamwano?

Funso limeneli ndi limene linandichititsa kulemba zonsezi. Mabeseni ndi mankhwala ndi nkhani ya ndalama, koma ili ndi la mtima. Tinaleredwa kuti wamkulu salozedwa chochita, ndipo mlendo salandiridwa ndi malamulo. Kuwonjezera apo tili m'dziko la eni, ntchito n'njosowa, ndiye munthu umangoweramitsa mutu galimoto ya abwana ikaima pakhomo pa tanelo. Koma geti limene limagwira antchito okha, mabwana ndi alendo n'kumadutsa, silikutchinga kanthu. Mlendo woopsa kwambiri si wosadziwa nsomba ayi. Ndi mnzawo wa abwana amene nayenso ali ndi matanki, wogulitsa chakudya amene m'mawa womwewo wayendera mafamu atatu, wokonza mapampu amene zipangizo zake zikadali zonyowa.

Chimene ndaona kuti chimagwira ndi kupereka, osati kuletsa. Galimoto ikamaima, inu mwafika kale ndi majombo oyera m'manja: "Bwana, majombo anu ndi awa, ndi a alendo ndawakonzeratu." Ndi anthu ochepa amene amakana chinthu chimene awapatsa ndi manja awiri. Pemphaninso abwana, tsiku limene mitima ili pansi, kuti lamuloli alilembe okha n'kulikhoma pachitseko. Likatero si inu amene mukuletsa, mukungosunga mawu awo. Akumbutseni za 2023, pamene chimfine cha mbalame chinapha ndi kuphetsa nkhuku mamiliyoni kuno, mazira n'kusowa m'masitolo. Alimi a nkhuku salola aliyense kulowa m'khola mwachisawawa, ndipo palibe amawatcha amwano.

Pakhalenso kabuku pageti: dzina, tsiku, ndi funso limodzi lokha loti munthuyo anafika liti komaliza pamalo pena pa nsomba. Mafamu ambiri amapempha kuti papite tsiku limodzi kapena awiri. Matenda akadzabuka, kabukuka ndi kamene kadzakuuzeni kumene anachokera, ndiponso kadzakutetezeni inuyo pamene anthu akufuna womuloza chala.

Za amalume ndi zofewerapo. Apatseni mpando pamthunzi, muwathirire tiyi, muwafotokozere monga mmene kwathu timachitira ndi chitopa: "Malume, pepani, nsombazi zili ngati nkhuku nthawi ya chitopa, m'khola salowamo aliyense." Kenaka atungireni nsomba ziwiri m'beseni adzionere pomwepo, ndipo zimenezo zisabwerere m'thanki, zikhale ndiwo zawo. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma chimene chalowa ndi nsapato zake chimatsala ndi inu.

Nanga ogula obwera ndi galimoto ndi madiramu awo?

Malonda achitikire pageti. Galimoto iime kunja kwa mzere, nsomba muzipititse inu ndi makreti a pafamu, muzikhuthulire m'zotengera zawo popanda kukhudzitsa. Diramu la wogula, kaukonde kake ndi sikelo yake zadutsa m'mafamu amene inu simukuwadziwa. Kreti yanu ikakhudza za iwo, ipite kotsukira isanabwerere. Lole ya chakudya nayo itsitsire kusitolo imene khomo lake layang'ana kunja.

Tagula mbewu yatsopano, ikuoneka yathanzi. Tingathire m'matanki pompano?

Ayi. Pano ndilankhula zimene zinandichitikira. Chaka china tinagula tiana ta makakana, tilapia ya Mozambique ija imene a ku Chikwawa ndi Nsanje amaidziwa bwino, kwa munthu wina amene mtengo wake unali wotsika. Thanki yathu yapadera yosungiramo nsomba zatsopano inali ikudontha, kunja kukuda, tiana tatopa ndi ulendo. Ndinamasula mapepala ndi manja angawa n'kukhuthulira m'thanki yachitatu, nsomba ndi madzi ake omwe. Sabata yoyamba zinkadya bwino. Cha m'sabata yachiwiri ndinaona zina zikudzikhula kukhoma la thanki, zina zitaunjikana polowera madzi, zipsepse zitapinda. Nditawalitsa tochi ndinaona timadontho toyera. Pofika Lamlungu timadonthoto tinali m'matanki onse, ndipo ndinkatulutsa nsomba zakufa ndi wilibala, kuphatikizapo zazikulu zimene zinatsala pang'ono kugulitsidwa. Fungo la m'tanelo m'mawa umenewo ndimalikumbukirabe.

Mbewu yatsopano ikhale payokha masabata atatu kapena anayi, m'thanki imene madzi ake salumikizana ndi matanki ena, yokhala ndi ukonde, ndowa ndi payipi zakezake. Madzi a m'mapepala atayidwe kutali, kapena athiridwe klorini kaye. Nsomba zimenezi muziziona komaliza pa tsiku: yambani ndi tiana tanu, mubwere ku zazikulu, mumalizire kwa zachilendo ndi zodwala, kenaka musambe. Ngati ndi koi, madzi akhale ofunda panthawi yodikirayi, chifukwa m'madzi ozizira kachilombo kamabisala n'kudzatulukira mu Okutobala madzi akafunda.

Gulani kwa woswetsa wodziwika amene angakuonetseni chikalata cha dokotala wa ziweto. Ngati mbewuyo ndi Nile tilapia, dziwani kuti malamulo a dziko lino amaiika m'gulu la zamoyo zachilendo zolowerera, ndipo kuiweta kumafuna chilolezo.

Aneba atibwereke ukonde wawo tsiku lokolola, pali vuto?

Musabwereke, musabwereketse. Ngati palibiretu kuchitira mwina, ubwere masiku angapo tsikulo lisanafike, utsukidwe, uviikidwe, uume. Ngakhale m'kati mwa famu, ndi bwino thanki iliyonse ikhale ndi kaukonde kake kolembedwa nambala.

Loweruka ndimakawedza ku Hartbeespoort. Komanso akazi anga anditumizira nsomba pa basi. Zimenezi zikukhudzana bwanji ndi ntchito?

Zikukhudzana kwambiri. Damu la Hartbeespoort, lija lodzaza namasupuni, limalandira madzi a mtsinje wa Crocodile, amene amatenganso a Jukskei ndi Hennops, mitsinje yonyamula zonyansa za m'tauni. Nsomba za m'tchire zimakhala ndi tizilombo take timene nsomba zothinana m'thanki sizingapirire. Kawedzeni, palibe choletsa, koma nsapato, ndowa ndi zovala za kuwedza zisafike kuntchito, ndipo musambe musanalowe. Inu ogona pa puloti pomwepo, musatumbulire nsomba zimenezo pa sinki ya pafamu, ndipo kamlamba kamoyo kamene mwakamvera chisoni musakaponye m'thanki.

Usipa, utaka ndi chambo chowamba zochokera kumudzi idyani ndi mtendere kunyumba, kungoti zotsala zake zisakhale chakudya cha nsomba za m'thanki. Zaziwisi za m'kula bokosi ndi zimene zimafuna kusamala, chifukwa kuzizira kwa fuliji sikupha tizilombo tambiri, kumangotisunga. Madzi otsukira ndi matumbo zisayandikire matanki. Ndipo mbale amene akuganiza zobweretsa tiana ta chambo kapena makumba tamoyo kudzera pa Beitbridge m'chigubu, mumuuze asiye. Kulowetsa nsomba zamoyo m'dziko lino kumafuna chilolezo cha madokotala a ziweto a boma, ndipo chigubu chimodzi chotere chingadwalitse mafamu a chigawo chonse.

Mbalame ndi achule nazonso tiziikire beseni?

Zimenezo mankhwala ake ndi neti ndi chitseko chotseka. Akakowa ndi mbalame zina zodya nsomba zimachoka damu ili kupita damu ilo, zimagwetsa nsomba zodya theka, ndipo zina zimanyamula nyongolotsi zimene zimadutsira mu nkhono. Sokani pulasitiki pomwe yang'ambika, ikani sefa polowera ndi potulukira madzi, tsekani matumba a chakudya chifukwa cha makoswe. Galu wa pafamu akhale kunja.

Ndapeza nsomba zingapo zafa m'mawa. Ndichite chiyani? Ndikuopa kuti andidula malipiro.

Manthawo ndikuwadziwa, ndipo ndaona abale akutola nsomba zakufa mwakachetechete n'kukazikwirira abwana asanadzuke. Chonde musatero. Masiku awiri amene mwabisa ndi amene akanapulumutsa matanki enawo.

Yambani ndi kuona madzi ndi mpweya. Ngati magetsi anazima usiku, nsomba n'kufa zambiri nthawi imodzi, zazikulu poyamba, kukamwa kuli yasa, kawirikawiri ndi kusowa mpweya. Matenda amabwera mwina: lero zitatu, mawa zisanu ndi ziwiri, mkuja makumi awiri, zina zikusiya kudya, zina zili ndi zilonda kapena maso otupa. Tolani zakufa nthawi yomweyo ndi ukonde wa thanki imeneyo, ziwerengeni, lembani m'buku, jambulani ndi foni. Siyani kudyetsa thankiyo, musasamutse nsomba iliyonse, musagulitse. Uzani kapitawo kapena abwana ola lomwelo.

Kudziwitsa boma ndi udindo wa mwini famu kapena manejala. Lamulo la matenda a ziweto la 1984 limafuna kuti matenda ena, kuphatikizapo Koi herpesvirus, anenedwe kwa dokotala wa ziweto wa boma, ndipo ma labotale akuluakulu ali ku Onderstepoort, kumpoto kwa Pretoria. Dokotala amafuna nsomba yodwala koma ikadali yamoyo, kapena yongofa kumene yoikidwa pa ayezi. Yowola kapena youmitsidwa m'fuliji imabisa zambiri zimene akanaona.

Zakufazo zikwirireni dzenje lakuya, kutali ndi chitsime ndi ngalande, muwazemo laimu. Musaponyere agalu, nkhumba kapena milamba. Kudya, musadye. EUS, TiLV ndi Koi herpesvirus sizigwira anthu, koma nsomba ya zilonda kapena yofa yokha imadzaza mabakiteriya ena, ndipo ina mwa iwo imalowa pabala la m'manja. Wokhala ndi bala avale magolovesi.

Ine ndangokhala ndi matanki awiri kuseri kwa nyumba ku Cosmo City, pamodzi ndi ndiwo zamasamba. Zonsezi ndi zanganso?

Ndi zanu, mayi, kungoti zing'onozing'ono. Geti lanu ndi kampanda kotchinga ana ndi nkhuku. Pezani masilipasi kapena majombo okhala pamenepo basi, sopo pamsomali, kaukonde kamodzi pa thanki iliyonse, ndi beseni lalikulu lokhala ndi kapampu ka mpweya losungiramo nsomba zatsopano masabata oyamba aja. Popeza madzi anu amapita ku mizu ya letesi ndi sipinachi, Jik isayandikire n'komwe matankiwo. Tsukirani zipangizo kumpopi wa kutsogolo n'kuziyanika pachingwe. Mbande zochokera ku matanki a munthu wina zitsukeni mizu musanazibzale, chifukwa nazonso zimabwera ndi madzi a kwa eni. Aneba ofuna kuona nsomba aziona ataima kuseri kwa kampandako, manja ali kunja kwa madzi.